Mwanayu Samva Chichewa

"Bambo a Tisu, tabwerani mundiuze kuti ichi n'chiyani."

Esnat anayankhula motsitsa mawu, koma mwamuna wake Luckson anadzambatuka pa sofa ngati wakhalira khala la moto. Linali Loweruka masana, tsiku lochapa m'kanyumba kawo kam'mwamba ku Crumlin, mumzinda wa Dublin. Mayiyo anali atatenga chikwama chimene bamboyo ankanyamulira chakudya kuntchito kuti achiponye m'makina, popeza chinali chitayamba kununkha nsomba. Pansi penipeni anapezamo chitenje chake chobiriwira chimene anachifunafuna mwezi wathunthu, chija ankaberekera mwana wawo ali khanda. M'chitenjemo munali mfuti. Sichinali chidole cha m'shopu ayi, inali mfuti yeniyeni yam'manja, yakuda, yolemera, yonunkha mafuta.

"Bwezerani mommo," anatero Luckson. "Ili ndi zipolopolo."

Esnat anasiya zochapazo. Anacheuka kuyang'ana patebulo pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungane, wa zaka zisanu ndi zitatu, ankapenta kavalo ndi makrayoni, lilime lili panja. Ataona kuti mwanayo watanganidwa, anafunsanso bamboyo kuti chinthucho chakhala chikupita kuti tsiku ndi tsiku. Yankho ankalidziwa. Chikwamacho chinkapita malo amodzi okha, kusukulu ya pulayimale kumene Luckson ankagwira ntchito, komweko kumene Tisungane ankaphunzira.

Ntchito ya Luckson inali kutsegula mageti, kuyatsa zotenthetsera m'makalasi, kukhoma mipando yogwedera ndi kukolopa mwana akasanza. M'Chingerezi amaitchula kuti caretaker, dzina lopanda mnzake m'Chichewa, choncho poimba foni kwawo ku Chiradzulu ankangoti ndi mlonda wa pasukulu. Anawanena mawuwo kambirimbiri mpaka anawakhulupirira yekha.

"Inu si mlonda," anatero Esnat. "Zanu ndi makiyi, mopu ndi ma heater. Dziko lino ngakhale apolisi a Garda oyenda mumsewu sanyamula mfuti, ndiye inu ndani?"

"Tsiku lija pageti munalipo inu?"

Tsiku limene ankanenalo linali la mwezi wathawo. Amuna atatu ovala zipewa zophimba nkhope anabwera pageti nthawi yoweruka, akukuwa kuti ana a anthu obwera abwerere kwawo, ndipo mmodzi analavulira jekete la Tisungane. Luckson anatseka geti ana ali kumbuyo kwake, m'manja muli tsache lokha. Apolisi anafika anthuwo atapita kale. Madzulo ake mphunzitsi wamkulu, Mayi McDonald, anamugwira paphewa n'kumuthokoza.

"Anandiuza ndi pakamwa pawo kuti, 'Mind them for us, Luckson.' Mawu amenewo akutanthauza chiyani? Kwathu bwana akakuuza kuti londera sakugulira chibonga, umabwera nacho wekha."

"Anati muwayang'anire, sanati muwombere munthu."

"Ku Limbe ndinalonderapo ndi wenzulo, mayi a Tisu. Mnzanga Useni anaimba wenzulo mpaka mbava zinamaliza kumukhapa. Ine sindidzaimanso pageti ndi tsache mwana wanga akulavuliridwa."

Kumene anaitenga anakana kunena, anangoti kwa munthu wina amene anagwira naye ntchito ya zomangamanga. Esnat anamukumbutsa zaka zimene anakhala m'chipinda chimodzi kudikira kuti boma liwalole kukhala, anamukumbutsa mapepala a unzika amene anali atangotumiza, anamukumbutsa kuti m'sukulumo muli ana oposa mazana awiri, aliyense ali ndi mayi ake. Luckson anamvetsera zonsezo akukulunga mfuti ija m'chitenje mosamala ngati akufunditsa khanda. Mayiyo atakweza mawu n'kuloza kutebulo, bamboyo anangopukusa mutu.

"Musiyeni apente. Mwanayu samva Chichewa."

Ife ochokera ku Malawi okhala kuno tonse timatero. Ana athu obadwira ku Dublin ukawayankhula m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, ndiye tinangogamula kuti makutu awo nawonso ndi achizungu. Miseche ya kutchalitchi, matenda a akuluakulu, ngakhale zakuchipinda, timazikamba mwana ali pamiyendo. Esnat naye sanaone chachilendo. Tisungane anapitiriza kupenta, kavalo uja anamupaka wofiira thupi lonse mpaka pepala linabooka.

M'mawa mwake atatuluka m'tchalitchi onse atatu anakwera basi kupita ku Drumcondra kwa a Kanyanta, asuweni a Esnat, amene ankachita maphunziro apamwamba a zauphunzitsi pa yunivesite. Poti ankhoswe enieni anatsala ku Malawi, a Kanyanta ndi amene ankaunikira banjali pakabuka kanthu. Esnat ananyamuka kunyumba atatsimikiza mtima kuti akaulula zonse. Koma atakhala pampando, mbale ya mpunga ili pamiyendo, anachita mantha. Ankadziwa kuti a Kanyanta ndi munthu wa malamulo, akamva sagona nazo, ndipo pofika Lolemba mwamuna wake akhala ali m'chitokosi. Ndiye anaizungulira nkhaniyo, n'kufunsa ngati munthu wongofuna kudziwa, kuti kodi n'koyenera kuti ogwira ntchito pasukulu azibisa mfuti m'zovala kapena m'zikwama poteteza ana.

Amuna awiriwo anailandira nkhaniyo ngati ya mpira. A Kanyanta anati ku America amakangana za zimenezo chaka ndi chaka, koma kuno munthu wonena zotero angamuyese wodwala mutu. Luckson anati anthu a mabuku amayankhula bwino chifukwa sanaimepo pageti. Anati munthu woipa akalowa, apolisi amafika kudzawerenga mitembo, pamene wantchito amakhala ali pomwepo. A Kanyanta anafunsa kuti nanga wantchitoyo akapita kuchimbudzi mfutiyo imatsala ndi yani.

"Alamu," anatero a Kanyanta akupukuta magalasi, "ine ndaphunzitsapo ten years. Mwana amapeza chilichonse. Ndinabisapo masiwiti pamwamba pa kabati, pofika break anali atatha. Mfuti ikalowa pasukulu si ya amene waibweretsa, ndi ya amene wayamba kuifikira."

Atanena zimenezo anazindikira kuti Tisungane wakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, ndipo anati mwina asinthe nkhani. Luckson anaseka n'kuwauza kuti amuyese okha. A Kanyanta anawerama n'kufunsa mwanayo m'Chichewa kuti wadzuka bwanji, nanga mpunga wakhuta.

"I'm fine, uncle. I'm full."

Onse anaseka, n'kuyamba kudandaula za ana a masiku ano otaya chiyankhulo cha makolo awo. Pa akuluakulu atatu onsewo, mmodzi wa iwo wotsala pang'ono kutchedwa dokotala wa maphunziro, palibe anadzifunsa kuti mwana wayankha bwanji molondola mafunso awiri amene sanawamve. Esnat anatsuka mbale, anatsanzika, anatuluka chinsinsi chake chili chimodzimodzi. Pakhomo a Kanyanta anamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, iye anati kuli bwino.

Lachiwiri Luckson anabwera kuchokera kuntchito nsapato zili matope. Anati mawu a alamu ake amulowa, ndipo wadzera kungalande ya madzi yodutsa mumzinda n'kuiponya pakati penipeni. Analumbira potchula mayi ake amene anamwalira. Esnat analira ndi chisangalalo, anamuphikira nkhuku pakati pa sabata. Chitenje chija sanachifunse, ndipo kunena zoona sanafune kuchifunsa. Munthu ukafuna kukhulupirira bodza sufufuza m'makona.

Panapita masabata awiri ndi masiku angapo. Lachinayi lina m'mawa, Esnat akukonzekera kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, anaona kuti bamboyo waiwala kuika nthochi m'chikwama. Atachinyamula kuti atsegule, dzanja linamuuza zonse zipi asanaikhudze. Mpunga ndi nyemba sizilemera choncho.

Ulendo uno sanatsitse mawu. Anamutcha wabodza, anamufunsa kuti mayi ake amene anawalumbirira aja awayang'ana bwanji. Luckson anati anapitadi kungalandeko, anaima pamlatho, koma dzanja linakana. Anati anthu a zipewa aja anawaonanso sabata yatha ataima kutsidya kwa msewu, ndipo sukulu ikatsekera holide ya Pasaka adzaitaya ndithu. Tisungane anali patebulo yunifolomu ili m'thupi, akudya phala lake mwakachetechete.

"Ndimvereni bwino, bambo a Tisu," anatero Esnat, misozi ikutsika. "Tsiku limene adzaipeze m'chikwama chanumo adzakumangani. Adzakutengani, ndipo mwanayu sadzakuonaninso. Mwamva? Sadzakuonaninso."

"Palibe amagwira chikwama changa. Pitani, basi ikusiyani."

Bamboyo analowa m'bafa n'kutseka chitseko. Esnat anayang'ana chikwamacho, anayang'ana wotchi. Akanatha kuitenga mfutiyo, koma ankaiopa ngakhale kuikhudza, ndipo akanapita nayo kuti, m'basi? Anapsompsona mwana pamutu n'kutsika masitepe. M'basimo anatulutsa foni, anapeza nambala ya Mayi McDonald, chala chinaima pamwamba pake kuchokera ku Crumlin mpaka potsikira. Anaibweza foniyo m'thumba la yunifolomu. Anadziuza kuti Pasaka sali kutali.

Itangokwana 11 koloko foni inalira iye akumwetsa tiyi gogo wina wachizungu. Anali Luckson, akuyankhula mwaukali. Anati ali m'kachipinda kake ka zipangizo, watsegula chikwama, wamasula chitenje, ndipo wapezamo chitini cha nyemba.

"Mukuyesa nzeru zimenezi? Mwaiika kuti?"

"Ine sindinaigwire."

"Musandinamize, mayi a Tisu. M'nyumba muja munali inu ndi ine basi."

"Ndinakusiyani muli m'bafa. Chikwama chinali pa sinki, ndipo patebulo panali..."

Sanamalize. Kenaka Esnat anamva chitseko chikumenyeka, makiyi akulira m'chiuno mwa munthu wothamanga, nsapato zikugunda simenti. Luckson sanadule foni, anangothamanga nayo m'manja. Kapu ya tiyi inagwa, gogo uja anadandaula, koma Esnat sanamve. Anamva chitseko china chikutseguka, phokoso la ana akudya likuzima kamodzin'kamodzi, ndi mawu a mwamuna wake akuchonderera. Chingerezi chonse chinali chitamuthawa bamboyo, ankachonderera m'Chichewa.

"Ika pansi, mwanawe. Chonde ika pansi. Usakhudze pamenepo."

Kenaka kunamveka kuphulika kumodzi, ndipo ana anayamba kukuwa.

Esnat sakumbuka mmene anatulukira m'nyumbamo, kapena amene anamuitanira takisi. Akumbuka kuti njira yonse ankangotchula dzina la mwana wake, woyendetsa n'kumamuyang'ana pagalasi. Pofika kusukulu msewu unali utatsekedwa. Panali magalimoto a polisi, ambulansi, ndi apolisi ena amene iye anali asanawaonepo m'dziko lino, ovala zakuda, onyamula mfuti zikuluzikulu. Makolo anali atadzaza kuseri kwa chingwe, ena atavala zogonera, amayi akulira mokweza. Mayi wina wa ku Nigeria amene ankadziwana naye anamukumbatira n'kumuuza kuti anthu a zipewa aja abweranso, alowa ndi mfuti. Esnat anasowa poyang'ana. Iye yekha pagulu lonselo ndi amene ankadziwa kuti mfutiyo inalowa pageti m'mawa, ndi munthu wa makiyi.

Atatchula dzina lake, wapolisi wamkazi anamudutsitsa n'kupita naye ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Ali m'njira anamuuza kuti mwana wake ali moyo, sanavulale, ndipo palibe mwana wavulala.

Zimene zinachitika anamufotokozera ndi Mayi McDonald, nkhope ili mbuu. Nthawi yopuma ana ankadya m'kalasi. Monalisa, mnzake wa Tisungane wokhala naye desiki imodzi, anapisa m'chikwama cha mnzakeyo kufuna makrayoni monga ankachitira masiku onse, n'kutulutsa mfuti. Anaiyesa chidole. Anailozetsa kwa aphunzitsi akuseka, kenaka kwa anzake mmodzimmodzi. Chitseko chitatseguka, Tisungane anaona bambo ake n'kudumpha kuwathamangira. Monalisa anadzidzimuka ndi kukuwa kwa bamboyo, chala chinafinya. Chipolopolo chinaboola chotsamira cha mpando umene Tisungane anali atangochokapo, n'kukalowa m'khoma. Mpandowo anaukhoma ndi Luckson yemwe mwezi wathawo.

"Ndinamuuza kuti aziwayang'anira," anatero Mayi McDonald m'Chingerezi, akuyang'ana Esnat ngati akupempha kuti amuthandize kumvetsa. "Ndinkatanthauza kuti azitseka geti."

Tisungane anali pakona ya ofesiyo atamufunditsa bulangete, pambali pake pali mayi wa boma woona za ana. Chichitikireni zimenezo anali asanatulutse liwu. Anamufunsa mofatsa kuti mfutiyo inalowa bwanji m'chikwama chake, anamupatsa madzi, anamupatsa bisiketi, mwana anangoti duu. Luckson anali atawauza kale apolisi kuti mfutiyo ndi yake, kuti anasokoneza zikwama yekha, ndipo mkazi wake sankadziwa kanthu. Esnat anamunyamula mwanayo n'kumukhazika pamiyendo. Thupi lonse linali lozizira, ndipo siketi ya yunifolomu inali yonyowa.

Posakhalitsa apolisi awiri anadutsa pakhomo la ofesiyo ali ndi Luckson pakati, manja ali kumbuyo m'unyolo. Makiyi aja anali atamuvula. M'maola awiri okha bamboyo anali atakalamba, ankayenda ngati munthu wodwala. Tisungane atamuona anatsika pamiyendo ya mayi ake n'kuima pakati pa chipinda, bulangete lili pansi.

"Adadi."

Apolisi aja anaima.

"Adadi, pepani. Amami anati akaipeza m'chikwama chanu akumangani, ine sindidzakuonaninso. Ndiye ndinaika m'chikwama changa. Sanaipeze m'chanu. Nanga bwanji akukumangani?"

Chinali Chichewa. Lilime linali la ku Dublin, mawu ena ankatuluka mopindika, koma chinali Chichewa chathunthu, choyamba kutuluka pakamwa pa mwanayo chibadwire. Esnat anagwira pakamwa. Zaka zisanu ndi zitatu ankapempherera tsiku limene mwana wake adzamuyankhule m'chiyankhulo cha kwawo, ankalota akuimbira foni agogo ake kuti amve okha. Anakumbuka kavalo wofiira uja, anakumbuka mpunga wa ku Drumcondra, anakumbuka phala la m'mawa, ndipo manyazi ndi mantha zinamugwira nthawi imodzi. Mwanayo anali atamva zonse, kuyambira Loweruka lija, ndipo anazisenza yekha masabata atatu.

Wapolisi wamkazi uja anatsegula kabuku kake. Anafunsa Esnat mwaulemu kuti mwanayo wanena chiyani, popeza aka kanali koyamba kuti ayankhule.

"Auzeni kuti akungolira bambo ake," anatero Luckson msangamsanga, maso ali pansi. "Musanene zoti munkadziwa. Akutengerani mwana."

Ananena m'Chichewa, mwachizolowezi, kuti ena asamve. Atakweza maso anapeza Tisungane akumuyang'ana, kenaka mwanayo anatembenuka kuyang'ana mayi ake, kudikira kuti amve chimene anene. Luckson anazindikira kuti mwanayo wamvanso zimenezi.

Esnat anayang'ana mayi wa boma uja, amene naye anali atatulutsa cholembera. Ankadziwa bwino lomwe kuti mawu a mwamuna wake akhoza kukhala oona. Anatola bulangete, anamufunditsa mwana wake, anamugwira dzanja mwamphamvu. Kenaka anamasulira m'Chingerezi zimene mwanayo ananena, liwu ndi liwu, osasiyako ngakhale pamene panatchulidwa amami.

Wapolisiyo analemba, n'kufunsa kuti iye anadziwa liti za mfutiyo.

"Three weeks," anatero Esnat.

Tisungane anamukoka dzanja n'kumunong'oneza, m'Chichewa chomwecho, kuti linali tsiku lija ankapenta kavalo.